Firiji ya kwa Mayi Tatseka

Wokondedwa mwana wanga,

Landira moni wochokera kwa mayi ako. Ndikuthokoza Mulungu amene watisunga mpaka lero, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli ndi moyo wamphamvu. Amuna ako ali bwanji? Nanga kamdzukulu kanga, kamene ndimangokaona pa zithunzi, kayamba kukwawa? Unati mano akukasowetsa tulo. Usade nkhawa, nawenso unalira chomwecho mpaka aneba onse anadziwa kuti m'nyumba muno mwamera dzino.

Kuno tili bwino. Bondo langa lija likadali ndi mwano wake, makamaka m'mawa, koma ndikuyenda. Kwatentha zoopsa chaka chino, moti masana ngakhale agalu achita ulesi kuuwa.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umandidula. Ndikangoti “bambo ako,” iwe umati mwana wadzuka, kapena mphika ukupserera. Ndinakubala ndine, ndimadziwa kuti mphikawo kulibe. Tsono khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, ukatero uchite zimene mtima wako ukuuze.

Mawu ako aja sindinawaiwale, oti bambo ako sadzamugwira mwana wako m'manja. Sindinakutsutse tsiku lija, ndipo lero sindikukuimba mlandu. Munthu amene anachoka m'mawa wa tsiku la ukwati wako akuti akungokaona firiji abwera pompano, n'kudzafika madzulo atachita kunyamulidwa, jekete ya suti itatsala ku bala, alibe pakamwa podandaulira. Manyazi a tsiku limenelo tinagawana ine ndi iwe.

Koma pali chimodzi chimene mwina sunachimvetse, poti unkangoona mapeto ake. Pa ntchito ya bambo ako pali kachizolowezi. Firiji ikakonzedwa, mmisiri sanyamuka nthawi yomweyo. Amakhala pansi kudikira kuti aone ngati ikugwiradi kuzizira. Ikagwira, mwini wake amatulutsa botolo loyamba, n'kulitsegula, n'kumupatsa mmisiri kuti ayese. Amati firiji siyesedwa ndi maso, imayesedwa ndi kukhosi. Tsono makasitomala ambiri a bambo ako anali a mabala, ndipo nyengo yotentha mafiriji amafa ngati nkhuku za chitopa.

Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Botolo lilibe miyendo. Ankalilandira okha ndi manja awiri, ndipo loyesera likatha ankaitanitsa lotsimikizira.

Za kusiya kwawo ndinakuuza pa foni chaka chatha, iwe n'kungoti tamva. Inenso poyamba ndinati tamva, chifukwa mawu oti ndasiya ndinali nditawamva mpaka makutu kuchita dzanzi. Koma ulendo umenewo sanalumbire, sanalonjeze. Lamulungu lina anangonditsatira ku tchalitchi, anakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo pomaliza mapemphero ndinangoona munthu wagwada kutsogolo, mapewa akugwedezeka. Kuchokera tsiku limenelo sanalawenso. Ichi ndikuchitira umboni ine amene ndimachapa malaya awo.

Ukuganiza kuti m'nyumba muno munadzaza chimwemwe? Chinadzaza, koma cha masiku ochepa. Kenako munadzaza malamulo.

Anayamba ndi matambula anga agalasi aja, akuti akuwakumbutsa zakale, ndiwachotse. Chotsegulira mabotolo anakachitaya kudzala. Zakumwa zoziziritsa kukhosi za m'botolo anaziletsa, ati kaphokoso kotsegula kaja n'kamodzimodzi. Wailesi ikangoyamba kutsatsa mowa ankadumpha kukazimitsa ngati m'nyumba mwalowa njoka. Golosale iliyonse yogulitsako mowa anasiya kuikonzera firiji. Ndipo msewu wa kwa Mayi Tatseka, umene ndi wachidule popita kumsika ndi kokwerera basi, anauika m'gulu la machimo. Ankazungulira kuseri kwa sukulu, chikwama cha zida chili paphewa, dzuwa likuswa mtengo, n'kufika kuno malaya atanyowa.

Wowalimbikitsa pa zonsezi anali a dikoni athu aja oyenda ndi ambulera ngakhale kumwamba kulibe kamtambo. Ndi munthu wabwino, sindikuwanena, koma kwa iwo Mkhristu wabwino ndi amene nkhope yake ili ngati wamwa mankhwala owawa. Ankabwera Loweruka lililonse ndi choletsa chatsopano, bambo ako n'kumalandira.

Mowa unachokadi, koma kuseka nako kunapita nawo. Munthu uja ankakunyamula paphewa n'kumaimba nyimbo zopanda mutu ukali wamng'ono anasanduka mlonda wa pakamwa pake. Ankadzuka ndi mantha, kugona ndi mantha. Ine ndinkaona kuti china chake sichili bwino, koma ndinatseka pakamwa. Ndinkati bola wokwinya nkhope wobwera yekha kunyumba kusiyana ndi woseka wochita kunyamulidwa.

Tsopano imva zimene zachitika mwezi uno.

Mayi Tatseka ukuwakumbukira, a bala ija, amene anapatsidwa dzinali chifukwa chokuwa kuti tatseka anthu osasuntha. Amuna awo ndi a Dalaivala, mnzawo wa bambo ako wa ponda apa nane ndipondepo. A Dalaivala anapezeka ndi matenda a shuga. Malole anasiya kuyendetsa, mowa anawaletsa kuchipatala, ndipo amadzibaya mankhwala m'mawa ndi madzulo. Mankhwala amenewo safuna kutentha. Iwo amagona m'zipinda za kuseri kwa bala, ndipo firiji pamalopo ndi imodzi yomweyo: mowa pansi, mankhwala pamwamba.

Kutentha kutafika pachimake, firijiyo inafa. Anaitana mmisiri wina. Anabwera, anagwiragwira, anathira gasi n'kumapita. M'mawa mwake yafanso. Anamuitananso, anathiranso, yafanso. Kachitatu foni sanayankhe.

Ndiye tsiku lina ndikusesa pakhonde ndinangoona Mayi Tatseka aima pageti, osalowa. Ankadziwa mmene ndinkawaonera. Ndisakubisire, mayi amenewo ndinkawawerengera kuti ndi mkazi mnzanga, chifukwa amuna anga ankagona ku bala kwawo kuposa kwa ine. Koma tsiku limenelo ndinaona mayi wokalamba, miyendo yotupa, atafumbata kabokosi ka mankhwala m'kansalu konyowa.

Anapempha kuti a Injiniya, poti kumeneko bambo ako amawatchula choncho, akawaonere firiji. Anati bala aitseka kaye, anthu awatulutsa, mabotolo awavindikira ndi nsalu, chilichonse chimene angafune. Bambo ako anayankhira pakhomo, osatsika n'komwe masitepe. Anati iwo mu bala salowa, ndipo msewu umenewo sapondamo. Kenako nkhope yawo inawala ngati apeza nzeru, n'kunena kuti mankhwalawo azisungidwa mu firiji yathu.

Zinaoneka ngati zatha bwino. Aliyense wathandizidwa, palibe wachimwa. A dikoni atamva anawomba m'manja.

Koma taganiza, mwana wanga. Mayi uja, ndi miyendo ija, ankabwera m'mawa kudzatenga, kupita kukabaya, kubwera kudzabweza, madzulo chimodzimodzi. Ndinkamumva akupuma asanafike pageti. Bala nayo inayamba kuthawidwa, poti mowa wotentha ngakhale chidakwa chimaunyoza, ndipo chakudya cha wodwalayo chimachokera pa bala yomweyo. Bambo ako ankamva geti ikulira, n'kumaweramira pa ntchito yawo ngati sakumva.

Lachisanu lina m'mawa amene anabwera si mayi aja. Anali a Dalaivala eniake, akutsimphina ndi ndodo, phazi lili m'bandeji chifukwa cha chilonda chosapola. Anati akazi awo miyendo yakana. Ukanawaona ukanalira. Chimunthu chija chinkadzaza khomo chatha, kolala ya shati ikungozungulira khosi.

Anakhala pakhonde. Ndinawabweretsera mankhwala, anakweza shati n'kudzibaya pamimba pomwepo, akucheza ngati akumanga lamba. Bambo ako anatuluka, anapatsana moni, n'kukhala chapatali pang'ono. Anakambirana za kutentha, za phazi, za anzawo amene anatsogola. Kenako a Dalaivala anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena mawu amene sindidzawaiwala.

“Iwe, nditamva kuti Yesu wakumasula ndinakondwa, chifukwa ine zinandikanika mpaka matenda ndiwo andisiyitsa. Koma kumasuka kwake n'kumeneku? Kale botolo linkakuuza kopita. Lero likukuuza kosapita. Kodi Mulungu wakoyo amathera pangodya ya msewu wathu?”

Sananene mokalipa. Ananena akuseka pang'ono, mmene amachitira.

Ponyamuka bambo ako anawaperekeza, atawagwira mkono. Ine ndinaima pageti kuwayang'ana. Anayenda bwinobwino mpaka pangodya paja, ndipo atafika pamenepo bambo ako anaima. Anausiya mkono uja. Wodwala anapitirira yekha, ndodo patsogolo, phazi likukhukhuluzika m'fumbi, bambo ako ali chilili kumuyang'ana. Mwamuna wamphamvu zake, wa miyendo iwiri yabwinobwino, kukanika kumufikitsa mnzake pakhomo.

Atabwerako sanadye. Analowa m'kachipinda kawo kogwirira ntchito, pakati pa mafiriji akufa aja, n'kukhala pa bokosi la zida. Ndikudutsa pawindo ndinawamva akulankhula, osati mapemphero a mawu akuluakulu a ku tchalitchi, koma ngati munthu akukambirana ndi bwana wake. Ndinamvako zoti, ngati munandimasuladi, ndionetseni, chifukwa ine ndatopa ndi kuthawa.

Loweruka m'mawa ndinawapeza akulongedza zida. Anaika sipanala, mapaipi, chowotcherera, n'kutulutsa kabotolo ka gasi. Ndinafunsa kuti ulendo wa kuti. Anati, “Ndikukaona firiji.”

Mawu omwe aja, a tsiku la ukwati wako, pakamwa pomwe paja. Ndinagwira chitseko. Iwo anaona, ndipo anawonjezera kuti, “Valani nsapato, tipitire limodzi. Ndekha sindipita.”

Ndinafuna kukana. Ndinafuna kuwauza kuti a dikoni akunena zoona, tikhale m'malamulo athu momwemo, muli chitetezo. Koma ndinakumbukira phazi lija m'fumbi. Ndinavala nsapato, ndinanyamula kabeseni ndi sopo zimene anandipatsa, n'kuwatsatira ndi bondo langali.

Tsoka ilo, panjira tinakumana ndi a dikoni, ambulera ili m'manja, akubwera kwathu. Atamva kumene tikupita anaima pakati pa msewu. Anati Satana amatchera msampha wake ndi chifundo, anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, anati wothawa moto sabwerera kukatenga chipewa. Bambo ako anamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza. Kenako anawathokoza, n'kuwapempha kuti ngati akuwadera nkhawa atsagane nafe, akaime pambali pawo azikapemphera. A dikoni anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi wodwala woti akamuone mbali ina.

Pangodya paja bambo ako anachepetsa liwiro. Anasintha chikwama kuchoka paphewa ili kupita linali, anapuma mozama, n'kuponda. Palibe chinachitika. Kumwamba sikunang'ambike. Unali msewu basi, wa fumbi ndi mapepala.

Mu bala ndinali ndisanalowemo chibadwire. Ndinkaganiza kuti ndi malo a ulemerero, poti anandilanda mwamuna zaka zonse zija. Ndinapeza kachipinda kamdima, pansi pomata nsapato, mipando yothyoka misana, ntchentche, ndi fungo lija ndinkalimva pa malaya. Ndinadzifunsa kuti, kodi mkazi mnzanga uja ndi ameneyu?

Munali amuna angapo, okhulupirika amene ngakhale mowa wotentha sunawathamangitse. Atangowaona anakuwa kuti a Injiniya auka kwa akufa. Wina anapukuta mpando wina wa pakona ndi chipewa chake, ati mpando wanu sitinaupereke kwa munthu. Bambo ako anawapatsa moni mmodzimmodzi, pogwirana chanza, n'kulunjika ku firiji. Mayi Tatseka anatuluka kuseri akudzikoka, anafuna kutulutsa anthu aja, koma bambo ako anati asiyeni, sanandilakwire.

Ntchito yoyamba inali kutulutsa katundu. Ndinati ndichite ndine, iwo anakana. Anagwada n'kuyamba kutulutsa mabotolo ndi manja awo, awiriawiri, kuwaika m'makireti. Munthu woti kunyumba ankathawa chotsegulira. Ine maso anali pa manja awo, osaphethira.

Atakoka firiji kuichotsa kukhoma, anandiuza kuti ndipange thovu m'kabeseni. Anathira gasi pang'ono, n'kuyamba kupaka thovulo pa mapaipi a kumbuyo, pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi. Anandifotokozera kuti mmisiri mnzawo uja ankangothira gasi osafuna pamene akuthawira, ndiye ngakhale akanathira chaka chonse sizikanathandiza. Posakhalitsa pa mfundo ina thovu linayamba kufufuma lokha. Kabowo kake sungakaone ndi maso. Anapukuta, anayatsa chowotcherera, anatseka, anathira gasi, n'kuyatsa firiji. Inayamba kung'ung'udza.

Pamenepo ndinati tathana nazo, tiyeni tizipita. Iwo anati ayi, ntchito sinathe, tidikire tione ngati igwire. Anabwezeramo mabotolo onse, anatseka chitseko, n'kukhala pa kireti yopanda kanthu.

Kudikira kumeneko ndiye kunali nkhondo. Pogwira ntchito manja amakhala ndi chochita, koma apa analibe. Kunja dzuwa lili pamutu, malata akulira ndi kutentha, kukhosi kwa aliyense kuli gwa. Amuna aja akumeza, mabotolo akugundana. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa bambo ako, ndipo ndinaona akumeza malovu. A Dalaivala anatuluka n'kukhala nawo pafupi, akukamba nkhani za m'misewu. Ine ndinkapemphera chamumtima, mawu osalongosoka, kungoti Ambuye, Ambuye.

Patapita nthawi ndithu bambo ako anati tsegulani tione. Mayi Tatseka anatsegula. Kunatuluka kautsi kozizira kaja, ndipo mabotolo anali atachita mame. Anthu anaombera m'manja. Mayi aja chimwemwe chinawakwera kumutu, ndipo dzanja lawo linachita zimene lakhala likuchita zaka zonse. Anatulutsa botolo, la mtundu womwe bambo ako ankaukonda, analitsegula, n'kuliika patsogolo pawo.

Sanachite dala, ndikulumbira. Atangoliika anazindikira, anagwira pakamwa, maso ali tong'o. Botolo lili apo, thovu likukwera pang'onopang'ono kukamwa kwake, madontho akutsetsereka m'mbali.

Bambo ako anatambasula dzanja n'kulitenga.

Mwana wanga, ndinafa ndili chiimire. Ndinaona zonse zikubwerera, kudikira pawindo, kuchapa masanzi, iwe ukulira m'chipinda.

Analikweza. Linadutsa pakamwa, n'kukafika patsaya. Analigunditsa patsaya pawo, atatsinzina, ngati mmene mayi amayesera mwana kutentha thupi. Kenako analibweza pa kauntala bwinobwino, osataya ngakhale dontho.

“Yagwira,” anatero. “Mankhwala a mnzangayu muziika pa shelefu ya pakati, osati pafupi ndi ayezi, angaume.”

Mmodzi wa amuna aja, amene mowa unali utamufika kale m'maso, anati a Injiniya musatichititse manyazi, limodzi lokha silipha, kodi ku tchalitchi kwanuko anakumangani pakamwa? Anati mwamuna womasuka amamwa chimene wafuna. Ine ndinali nditakonzeka kumuphwanya ndi kabeseni, koma bambo ako anamuyankha mofatsa, akutseka chikwama.

“Palibe wandigwira dzanja, waona wekha. Kumwa ndingathe. Koma lero ndikuthanso kusiya. Kale ndinkatha chimodzi chokha.”

Munthu uja anayang'ana botolo lake. A Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola, akumenya ndodo pansi, misozi ili m'maso. Mayi Tatseka anapepesa kambirimbiri, bambo ako n'kuwauza kuti ngati akufunadi kuwathokoza awapatse madzi. Anabwera ndi madzi ozizira m'tambula yagalasi. Anamwa onse, anapempha ena, n'kundipatsako ine. Madzi okoma chotero sindinamwepo.

Tili panjira ndinawafunsa ngati sanaufune. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ayi, chilakolako chinatheratu. Anati anaufuna koopsa, kukhosi kunkachita kuyabwa, fungo lake linafika mpaka m'mawondo. Anati chilakolako chinalankhula monga kale, mawu ake omwe aja, koma anadabwa kuona kuti chikupempha, sichikulamula. Anati chaka chonsechi ankaganiza kuti ali moyo chifukwa chobisala, osadziwa kuti Ambuye amene anawagwira dzanja ku tchalitchi kuja analowa nawo mu bala momwe.

Ndiye anayamba kuseka. Kuseka kuja kwa kale, kochokera m'mimba, kumene ndinkati ndinakuika m'manda. Anayambitsa nyimbo ya ku tchalitchi pakati pa msewu, ndi mawu awo osalongosoka aja, chikwama chikugunda kumsana. Anthu ankatiyang'ana, ndipo ndikudziwa ena anati basi wayambiranso. Ine ndinalowa nawo nyimboyo. Nkhalamba ziwiri, wina ndi gasi wina ndi beseni, kuimba masana dzuwa likuswa mtengo. Sindinachite manyazi ngakhale pang'ono, ndipo bondo ndinaliiwala.

Madzulo a dikoni anafika, nkhani itawapeza kale kuti a Injiniya awaona atanyamula botolo. Anakhala moyandikira kwambiri, akufunsa za umoyo, mphuno ikugwira ntchito. Bambo ako anawalekerera pang'ono, kenako anawasendera n'kuwapumira kumaso kuti haa. A dikoni anamva fungo la tiyi basi. Kunena zoona anakondwa, mpaka anapempha kuti tigwade tithokoze, ngakhale m'pempheromo anamukumbutsabe Mulungu kuti zoterezi zisamachitike kawirikawiri.

Lamulungu tinawafotokozera abusa. Anati malamulo aja sanali oipa. Mwendo ukathyoka amauika m'chikhakha, ndipo wochotsa chikhakha msanga amadzipweteka yekha. Koma chikhakha si mwendo, ndipo amachiika kuti tsiku lina munthu adzayende. Anawachenjezanso kuti kumasuka si kukayesa Mulungu, asamakakhale mu bala kuti aonetse mphamvu. Kukakhala ntchito apite, agwire, abwereko, ndipo tsiku limene adzimva kufooka asachite manyazi kunena.

Matambula anga abwerera pa shelefu. Wailesi ikulankhula mpaka kumaliza. Bambo ako amawayendera a Dalaivala pafupipafupi, kukawatsuka chilonda ndi kuwaperekeza kuchipatala, ndipo Lamulungu lapitali a Dalaivalawo anafunsa kuti mapemphero amayamba nthawi yanji, ati angofuna kudzaona ngati mipando yake ndi yabwino. Ine ndi Mayi Tatseka tayamba kupatsana moni wa pakamwa, osati wa mphuno.

Sindikukuuza kuti bambo ako asanduka mngelo. Akadali ouma mutu, akadasiyabe masokosi paliponse. Sindikukulonjezanso za mawa, chifukwa mawa ndi a Mulungu. Ndikukuuza zimene maso angawa aona: botolo lotsegula, lozizira, lili m'dzanja lawo, popanda wowaletsa, ndipo analibweza. Ine amene ndinawaona akugonja zaka zonse zija, ndawaona akupambana, ndipo mtima wanga wadzaza moti ukanakhala pafupi ndikanakuvinira.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwera, mwana wanga. Bwera ndi mwanayo. Sindikuti uiwale, ndipo sindikuti ufike ukuseka. Ukafuna kudzawakalipira, udzawakalipire, akuti adzakhala pansi n'kumva zonse osayankha. Iwo sanandiuze kuti ndilembe kalatayi. Akuti alibe ufulu wokupempha kanthu, ndipo ukakana sadzakudandaula. Koma chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mkwiyo nawo ukausunga nthawi yaitali umayamba kukuuza kopita ndi kosapita. Iwe ndiwe mwana wa Mulungu, sunabadwire kulamulidwa ndi chimenecho.

Dzulo ndikuchokera kumsika ndinawapeza bambo ako pakhonde la aneba athu atsopano, amene ali ndi khanda. Anali atasamba m'manja mpaka m'zigongono, atavala malaya oyera, akumupempha mayi wa mwanayo kuti awaphunzitse kanyamulidwe. Ankafunsa kuti mutu umagwiridwa bwanji, dzanja linali limapita pati, akalira umatani. Mayiyo anaseka, ati bambo aakulu ngati inu, simunalerepo? Iwo anati analera, koma zambiri za nthawi imeneyo sazikumbukira, ndiye akufuna ulendo uno adzagwire bwino ngati angadzapatsidwe. Ndinalowa m'nyumba msanga kuti asandione nkhope.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti ndimawathokoza chifukwa chokusamala. Moni kwa apongozi ako ndi onse a kumeneko. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pachipumi, ukauze kuti kuno kuli anthu awiri amene akukadikira. Ambuye akusunge, akupatse mtendere, ndipo akutsogolere pa zimene usankhe.

Ndine mayi ako wokukonda.